Palafini Amene Ndinamulembera Bodza

Sakubva, Umtali
Lamulungu, nthawi ya mapemphero

Esinati mwana wanga,

Iwe ndi mayi ako muli ku tchalitchi, ine ndatsala ndi mutu umene ndanamizira kuti ukuwawa. Mutu uli bwino. Chondivuta ndi pakamwa, monga mwa masiku onse, ndiye ndati dzanja linene. Kalatayi uipeza pa shelefu, pamene Lachisanu unabwezera buku lako la kemisitiri utalitulutsa m'thiranki. Unkayesa sindinaone. Ndinaona, ndipo ndinamvanso zimene unauza mayi ako ku mpopi, kuti mwina koleji ya ku Halale idikire chaka chimodzi, uyambe waona mmene dzanja lawo likhalire. Dzanja limenelo lakhala chomwecho zaka khumi, mwana wanga, ndipo chaka chimodzi cha mtsikana pa Sakubva pano ndikudziwa kumene chimathera. Chimathera pa chinkhoswe. Sitima inyamuka mawa m'mawa. Ukwere. Zonse zimene ndilembe m'munsimu ndi luzi lomangira mawu amodzi amenewo.

Ukudziwa kuti ine si munthu wolangiza. Amalume ako a Jailosi atabwera Lachisanu kuchokera ku mgodi wa ku Penhalonga, unaona wekha mmene ndinakhalira. Iwo anakhala pa mpando wanga, chipewa pa bondo, nayamba: "Alamu, mwana wamkazi kukaphunzira kusakaniza mankhwala? Kwathu wosakaniza mankhwala timamudziwa dzina lake." Anaseka okha. "Inuyo munapita mpaka ku Joni kukatenga digiri, lero mukutsuka mabotolo a mzungu. Nanga mwanayu akatsuke ati, poti onse mwatsuka kale inu? Kuli mnyamata kwathu ku mgodi, kalaliki, wa ku Dedza komwe, samwa, ali ndi njinga. Mwanayu akhale pafupi ndi mayi ake, mlongo wanga asavutike ndi dzanja limodzi. Ndipo musaiwale, alamu, inu ndinu tonde wobwereka. Ana a mbuzi ndi a mwini khola." Iwe unali pakhomo ndi mbale m'manja, ukundiyang'ana. Ine ndinkatakasa tiyi amene shuga wake anali atasungunuka kalekale. Madzulo ake buku linabwerera pa shelefu. Sindikukudzudzula. Mwana akaona bambo ake akutakasa tiyi pa nkhani ya moyo wake, aganize chiyani?

Ku yunivesite ndinaphunzira kuti dzina lakuti palafini linachokera ku Chilatini, ndipo limatanthauza chinthu chosakonda kulowerera za anzake. Tsiku limenelo ndinaseka ndekha m'kalasi, chifukwa ndinamva ngati andiitana dzina. Ukukumbukira mmene ndinkakuphunzitsira uli wamng'ono: kaboni ali ndi manja anayi, haidrojeni ali ndi limodzi. M'banja la mapalafini makaboni amagwirana dzanja limodzilimodzi ngati ana powoloka msewu, ndipo manja onse otsala agwira haidrojeni. Palibe dzanja lopanda kanthu. Thira asidi, ali phee. Thira soda, ali phee. Thira madzi a bromini mumdima, mtundu wa bromini uli womwewo. Mabuku amati ndi okhuta. Ine ndakhala wokhuta chotero zaka zambiri, anthu n'kumati a Mbewe ndi munthu waulemu. Koma mabuku omwewo amanenanso kuti chinthu chofatsachi chikakumana ndi moto sichisiya denga. Fatsa ngati ufuna, Esinati, koma usayese kuti kufatsa sikupweteka munthu. Ndifika pamenepo. Ndikuzungulira chifukwa ndikuopa.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndisanabwere kuno, ndikuphunzitsa pa sukulu ya mishoni kwathu ku Nyasalande. Kalasi yanga sinkamva za maaisoma, zinthu ziwiri zokhala ndi maatomu ofanana ndendende, chiwerengero chimodzimodzi, koma zosiyana khalidwe chifukwa maatomuwo alumikizana mosiyana. Ndinalankhula Chingerezi mpaka kukhosi kuuma, iwo ali maso tong'o. Kenaka, sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinalemba pa bolodi mawu awiri: tola, lota. Ndinati werengani zilembo. Zinayi uku, zinayi uko, zomwezomwezo. Koma wotola wawerama, akuyang'ana pansi, pamene wolota akuona zinthu zimene sizinafike. Wina kumbuyo anakuwa, "Aphunzitsi, lowa ndi wola!" Winanso, "Sala ndi lasa!" Kalasi yonse inali phokoso, ndipo nditajambula butani ndi mbale wake aisobutani, makaboni anayi ndi mahaidrojeni khumi aliyense, wina mzere wowongoka, wina wa nthambi, panalibe amene anafunsanso. Anali atamva. Tsoka ilo, mzungu woyendera masukulu anali ataima pakhomo. Anandiuza ana akumva kuti sayansi ilibe Chinyanja, ndipo mphunzitsi wosangalatsa ana ndi mawu a kumudzi akuwabwezera kumene anawatenga. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinafufuta bolodi ndi mkono wa jekete langa, n'kupepesa. Ndinapepesa chifukwa cha phunziro labwino koposa onse amene ndinaphunzitsapo. Kuyambira tsiku limenelo ndikaima kutsogolo kwa kalasi mawu ankandithawa, ndipo chaka chisanathe ndinasiya. Ndinabwera kuno kudzatola. Iwe usapepese pa chinthu chimene wachita bwino, ngakhale wokudzudzulayo atavala taye.

Cholakwa chachiwiri ndi chako, koma ndikuchibwereka. Unali pa tchuthi cha Khirisimasi, nyengo ya masuku, ndipo tinkamanga mamolekyulu pa tebulo ili ndikulemberapo: masuku ndiwo makaboni, mtedza ndiwo haidrojeni, timitengo ta machesi ndito manja. Ndinati undimangire maaisoma onse a pentani, makaboni asanu ndi mahaidrojeni khumi ndi awiri. Buku linkati alipo atatu. Iwe unamanga anayi, n'kundiuza monyada kuti buku laiwala limodzi. Ndinatenga lachinayilo, lokhota ngati mwendo wa galu, n'kulipotoza pang'onopang'ono osachotsa kamtengo ndi kamodzi komwe, mpaka linawongoka n'kufanana ndi loyamba lija. Ndinati, kupinda si kusintha. Usayang'ane mmene chagonera, funsa kuti ndani wagwira ndani. Unakwiya, unazula kaboni wapakati n'kumudya, mayi ako akuseka mpaka kutsamira khoma. Koma unamva. Kuti chinthu chikhale chinadi, dzanja lina liyenera kusiya pamene linagwira n'kukagwira pena, ndipo zikatero khalidwe limasinthadi: pentani wowongoka umamuthira m'botolo ngati madzi, pamene uja wa kaboni mmodzi pakati, anzake anayi atamuzinga, amakhala atauluka kale ngati mpweya.

Phunziro limenelo landithandiza kuwerenga nyuzipepala kuposa digiri yanga. Chitaganya chitabwera anatiuza kuti tsopano akuda ndi oyera ndife ogwirizana, tiyendera limodzi. Kuntchito kwathu anafufuta mawu akuti boyi pa khadi langa n'kulemba akuti wothandizira. Ndinapita kukaona kumene kuli kapu yanga yomwera tiyi. Inali pamsomali womwe uja, kunja kwa chitseko, yachitini yomwe ija. Unyolo ndi womwewo, angoupinda kuti uoneke wachilendo pa pepala. Ndikulemba zimenezi ndikudziwa kuti masiku ano makalata amatsegulidwa ndi anthu amene sanawalembere. Awerenge, mwina aphunzirapo kemisitiri. Koma iwe tamvera: chaka chimodzi chako chija nachonso ndi unyolo wopinda. Chikuoneka ngati kupita kochedwa, koma chipotoze uone. Ndi kukhala. Ukwere sitima mawa.

Ku Halale nakonso adzakupinda, usayese kuti ayi. M'labotale mwina mudzakhala akuda awiri kapena atatu, ndipo wamkazi ndiwe wekha. Wina adzakufunsa ngati wasochera pofuna ku khitchini. Wina sadzafuna kugwira botolo limene iwe wagwira. A Chishona ena adzakutcha Mubhurandaya, mlendo wa ku Nyasalande, monga amatitchulira kuno, ngakhale unabadwira pa Sakubva ndipo Chimanyika, Chishona cha kuno, umachilankhula kuposa iwo. Zimenezo zimawawa, sindikunamiza, koma ndi kupinda chabe. Madzulo uzidzifunsa kuti ndani wagwira ndani. Ngati ukadali wogwirana ndi nzeru zako ndi anthu ako, ndiwe Esinati yemwe uja.

Ndipo iwe suli wa banja langa la mapalafini, ndinakuona kalekale. Uli wa maolefini, aja amene makaboni awiri agwirana manja awiriawiri, dzanja limodzi lili lokonzeka kusiya kuti ligwire chilichonse chobwera. Ukukumbukira tsiku limene ndinabwera ndi timabotolo tiwiri m'thumba la jekete, n'kudonthezera madzi a bromini? M'kamodzi, ka palafini, mtundu wofiirira unakhala du. M'kenako, ka olefini, unazimirira tikuona, ndipo unati, "Bambo, aka kayankha." Ndiwe ameneyo. Aphunzitsi ako ankandilembera kuti mwanayu ndi wanzeru koma amayankha. Ine ndinkabwera kudzakuuza kuti uchepetse. Ndikubweza mawu amenewo lero, onse. Mabuku amati unyolo wautali wa palafini ukautentha kwambiri umaduka, ndipo mwa zidutswa zakezo mumatuluka olefini. Mwina ndi mmene unatulukira iwe mwa munthu ngati ine. Kapena ndikudzikometsera, unangotengera mayi ako.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzemba. Ukhale pansi.

Ntchito yanga ukuidziwa pang'ono. Mafuta amabwera ndi sitima kuchokera ku Beira m'mathanki, ndipo asanawathire m'migolo yopita ku masitolo ine ndimatapako pang'ono n'kuyesa. Petulo ndi palafini ndi ana a mimba imodzi, kaboni ndi haidrojeni basi. Kusiyana kwawo ndi kutalika kwa unyolo. Wa petulo ndi waufupi, sukhazikika, umathawira mumpweya ngakhale m'mawa wa mwezi wa Juni, ndipo mpweya umenewo umalakalaka moto. Wa palafini ndi wautali, wolemera, uyenera kuutenthetsa kaye kuti utulutse mpweya woyaka. N'chifukwa chake mayi akhoza kuthira palafini mu nyali mwana ali kumsana. Poyesa ndimathira palafini m'kakapu ka mkuwa kotseka, ndimakatenthetsa pang'onopang'ono, ndipo nthawi ndi nthawi ndimatsegula kazenera kake n'kuloza kalawi kakang'ono m'katimo. Mpweya ukati phu, ndimawerenga kutentha kwake pa themomita n'kulemba m'buku. Pali malire amene lamulo linaika. Palafini woyaka asanafike pamalirepo sayenera kulowa m'nyumba ya munthu.

Lachinayi lina, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinatapa m'thanki imene inafika m'mawa. Fungo lokha linandiuza. Ndinathira m'kakapu, ndipo ndisanayambe n'kutenthetsa komwe, nditangoloza kalawi, kanati phu. Ndinatsuka, ndinayesanso. Phu. Kachitatu, chimodzimodzi. M'thankimo munali mutatsalira petulo wa ulendo wapita, ndipo petulo wochepa chabe amakwanira kusandutsa palafini kukhala msampha. Ndinapita kwa bwana wa labotale, uja timamutcha Kaliwo chifukwa kaliwo wake sachoka pakamwa ngakhale pakati pa migolo ya mafuta. Ndinalankhula motsitsa, ngati ndikupempha tchuthi. Ndinati, "Bwana, mwina ndalakwitsa, koma zikuoneka ngati palafiniyu ali ndi vuto pang'ono." Tamva mawu amenewo, Esinati. Mwina. Zikuoneka ngati. Pang'ono. Ndinali nditayesa katatu, ndinkadziwa monga ndidziwira dzina langa, koma ndinamupatsa ndekha makomo atatu otulukira. Iye anasuzumira pa zenera. Theka la thanki linali kale m'migolo, malole akudikira. Anandiyankha m'Chilapalapa chake chija, chinenero chophwanyika cholamulira antchito, chimene amalankhula nacho kwa ine ngakhale Chingerezi changa chimaposa chake, kuti manja anga ndi akuda, ndaipitsa kakapu, ndilembe nambala ya dzulo ndisiye kuchedwetsa anthu. Ndinabwerera pa tebulo langa. Ndinalemba nambala ya dzulo. Palibe anandigwira dzanja.

Choipa koposa ndi ichi. Pobwerera kunyumba ndinkati ndiuze mayi ako asagule palafini sabata imeneyo. Koma kuti ndiwauze ndinayenera kunena chifukwa chake, ndipo manyazi ananditseka pakamwa. Ndinadzitonthoza kuti migolo ija yapita kutali, ku mafamu, kwa anthu amene sindiwadziwa. Taona mtima wa munthu waulemu: ndinavomera kuti apse ena, bola ndisawaone. Lolemba lotsatira mayi ako anagula botolo pa sitolo ya pakona. Pulaimasi inazima ali pakati pophika, anaitsegula ikadali yotentha kuti awonjezere mafuta, nyali ikuyaka pambali, monga ankachitira nthawi zonse popanda vuto. Zotsalazo unaziona ndi maso ako, ndiwe unathamanga kukaitana anthu. Dzanja lamanja la mayi ako silinapindikenso zala kuchokera tsiku limenelo. Pambuyo pake ndinamva za nyumba ina ya anthu ocheka matabwa ku Imbeza imene inapsa ndi nyali sabata yomweyo, ndipo sindinafunse ngati munali anthu. Migolo yotsala mabwana athu anaitolera mwakachetechete, n'kumauza anthu kuti akuda sadziwa kugwiritsa ntchito pulaimasi. Ine ndinamva akunena zimenezo. Ndinali pomwepo, ndikutsuka kakapu ka mkuwa.

Kuyambira pamenepo iwe unasanduka dzanja la mayi ako. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, kufinya zovala, kudula ndiwo, kuwamanga duku m'mawa uliwonse. Popita ku sukulu yogonera unkalira, osati chifukwa cha ife, koma poganiza kuti adzawamanga duku ndani, ndipo ndinalola akazi a nyumba yoyandikana nayo achite zimene ndikanachita ine. Anthu ankatiyamikira kuti tili ndi mwana wabwino, ine n'kumavomera. Katundu amene wasenza zaka khumi si wako, Esinati. Ndi wanga. Ndinakusenzetsa ndili chete, ndipo Lachisanu ndinatsala pang'ono kukusenzetsa moyo wako wonse ndikutakasa tiyi. Ukawerenga izi mwina udana nane. Uli ndi ufulu. Koma ukadane nane uli ku Halale.

Kumeneko ukaphunzira maina ambiri a mankhwala, ena aatali ngati njanji, ndipo ambiri udzawaiwala. Ichi chokha usaiwale: ukayesa chinthu, n'kuyesanso, n'kuona chimene waona, unene nambala yake mokweza, mmene ilili. Usaikepo mwina. Usaikepo pang'ono. Ngati ukukayikadi, nena kuti ukukayika ndipo ukayesenso, kumeneko ndi kuona mtima. Koma usabwereke chikayiko kuti munthu wamkulu asakwiye. Mafuta samva ulemu. Amayaka pa kutentha kwawo, kaya walemba chiyani m'buku, ndipo kumapeto kwa nambala iliyonse kuli mayi wina amene akuwerama pa pulaimasi.

Dzulo m'mawa, iwe utapita kumsika, ndinawauza mayi ako zonse ndalembazi. Ndinaima pakhomo la khitchini ngati mwana wa sukulu, ndinayamba ndi kutalika kwa maunyolo, ndinazungulira monga ndazungulira muno. Iwo ankasankha nyemba ndi dzanja lamanzere osandiyang'ana. Nditamaliza anati, "Mwatha?"

Ndinati ndatha.

"A Mbewe, inu mumayesa ine ndinapsa mutu? Ndinapsa dzanja. Zaka khumi botolo lililonse la palafini likalowa muno mumalitengera kuseri kwa nyumba, kununkhiza ngati galu, kuthira m'kambale, kuyatsa machesi mutatalikira ngati mukuopa njoka. Munthu wosadziwa kanthu sachita zimenezo. Ndinakukwiyirani zaka zitatu, inu mukuyesa ndi ululu wa bala. Kenaka ndinatopa, ndinangoti ndidikire tsiku limene bambo awa adzatsegule pakamwa, ndione ngati muli mano."

Ndinayamba kulira, ndipo anandidula. "Iyayi, musandinyowetsere nyemba. Mukufuna ndikutonthozeninso ine? Tengani mpeni uwo mudule anyezi, mulire ndi chifukwa. Mwanayo apite. Ine ndinabala mwana, sindinabale dzanja."

Ndinadula anyezi. Anati ndadula ngati ndikudulira ng'ombe.

Masana ndinakwera basi ya ku Penhalonga. Amalume ako ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato yawo ya mumgodi. Ndinati, "Alamu, ndabwera kudzayankha za dzulo."

"Mwachedwatu tsiku lathunthu, a Digiri."

"Ndachedwa zaka khumi. Mwambo ndikuudziwa, mbumba ndi yanu, ndipo tsiku limene Esinati adzabweretse mwamuna wodzisankhira yekha, nkhoswe ndinu, ine ndidzakhala kumbuyo. Koma sitima ya Lolemba si ukwati. Akwera."

Iwo anaika nsapato pansi. "Nanga mlongo wanga amuchapira ndani? Amutungira madzi ndani?"

"Ine."

Anaseka mpaka chifuwa chawo cha mumgodi chinawagwira. "Inu? Pa mpopi, ndi ndowa, pakati pa azimayi? Sakubva yense adzati anakudyetsani kondaine!"

Ndinati anene, pakamwa ndi pawo. Kenaka ndinawauza za Lachinayi lija, chifukwa ndi mlongo wawo ndipo anayenera kumva kwa ine. Kuseka kunatha. Ananena motsitsa kuti ndichoke asanandiponyere nsapatoyo, ndipo ndinachoka. Sindikudziwa chimene achite. Mwina abwera ku siteshoni mawa kudzakuletsa, mwina kudzandimenya, ndipo chachiwirichi sindingawadandaule. Usawade. Amakonda mlongo wawo, ndipo pa zaka khumi zimenezi iwo ndi amene ankafunsa za dzanjalo mokweza. Ukawaona ugwade, uwapatse moni monga mwana woleredwa, uwathokoze pobwera kudzakuperekeza. Ukatero uimirire, ukwere sitima.

Mwina ndikulakwitsanso, monga ndalakwitsira zambiri. Mwina ukavutika kumeneko, mwina ukadzamaliza adzakupatsa nawenso mabotolo oti utsuke ndi kapu yachitini pamsomali. Sindingakulonjeze kuti dziko lino lisintha msanga, ngakhale ndikumva kutentha kukukwera ndipo sindikhulupirira kuti unyolo uwu ukhala wosaduka. Koma ngati adzakupatse mabotolo, akakupeze uli munthu wodziwa zimene zili m'botolomo ndiponso wosaopa kuzinena. Ine ndinali ndi theka loyamba lokha. Mawa ndichedwa kuntchito koyamba chiyambire, ndipo Kaliwo akandifunsa sindinena kuti mutu unkawawa. Ndimuuza kuti ndimaperekeza mwana wanga wamkazi amene akukaphunzira kemisitiri, ndipo ndimuuza m'Chingerezi.

Buku lako ndalibwezera m'thiranki, pansi pa bulangeti. M'kati mwake, pa tsamba la maaisoma, ndaikamo kapepala kolembedwa mawu awiri aja a pa bolodi. Nthawi ino sindifufuta. Ndikamaliza kulemba ndimangirira thirankiyo pa njinga ndikaisiye ku siteshoni kwa anzathu a ku njanji, kuti ngati ufuna kutulutsanso bukulo uyende wekha mpaka kumeneko, ndipo ukafika udzaipeza sitima ili pomwepo. Kukukweza mokakamiza sindingathe, ndipo sindingafune. Ndangochotsa chimene chinkakugwira mwendo.

Chotsiriza. M'mawa uno unaona duku la mayi ako litapendama, mfundo ili pa khutu, nsonga ina italendewera ngati khutu la mbuzi. Unatambasula dzanja kuti ukonze, iwo anakumenya kadzanja n'kunena kuti lisiye, ndi sitayilo yatsopano. Unadabwa. Ndinamanga ndine, iwe uli kosamba. Ndinayesa kanayi, ndipo kachinayiko anati basi, tichedwa, azimayi a chigwirizano akafunsa ndikawauza kuti wandimanga ndi munthu wa digiri. Apita nalo ku tchalitchi chomwecho, mutu uli m'mwamba, ndipo panopa akhala pafupi nawe akuimba.

Mawa ndidzamanganso. Likapendama lipendame, usalikhudze. Manja ako onse awiri adzagwire chitsulo cha pakhomo la sitima.

Ndine bambo ako,
amene wayamba kulankhula mochedwa.